Chipereganyu cha Zibonga

Achemwali Dailesi ndi nkhutukumve, ndipo ine Jessie ndikunena izi monga munthu amene wakangana nawo kosawerengeka. Kwawo ndi ku Ntcheu. Kuno ku Joni amagwira ntchito ya m'nyumba ku Pretoria, ndipo amagona ku Mamelodi m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, koti ukadziwongola chigongono chimagunda malata.

Masewerawa anawatola kuntchito. Ana a madamu ankasonkhana patebulo ndi anzawo, mmodzi akusimba nkhani, enawo aliyense ali ndi munthu wake wongopeka wolembedwa papepala. Akafuna kumenya chilombo ankaponya dayisi: nambala ikakula chamenyedwa, ikachepa wamenyedwa ndiwe. Achemwali ankasita zovala khutu lili komweko. Anawo atakula n'kutaya madayisi ndi buku lake, iwo anatola. Tsopano Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi timakhala pa zidebe kuzungulira chitseko chakale chimene ndiye tebulo lathu, iwo n'kumatiyendetsa m'mapanga ndi m'nkhalango. Mwamuna alibe, ana ali kumudzi. Ogogoda pakhomo pawo ndi ifeyo basi, ndipo iwo amadziwa zimenezo.

Osewera tinalipo anayi. Ine ndinali wakuba, musaseke. Mufaro, wobadwira ku Zimbabwe ngakhale agogo ake ndi a ku Mulanje, anali wochiritsa. Achimwene Davison, ogwira ntchito ya m'gadeni, wamkulu wa tonsefe, anali ndi wamauta wawo wapapepala dzina lake Kalimu, amene anamulera kuyambira alibe ndi nsapato zomwe. Ndiye panali Godfrey, msilikali wa chishango, amene ankaima kutsogolo kulandira zibonga zonse ife tikubaya chakumbuyo. Godfreyo anapeza ntchito pa fakitale ku Rosslyn, n'kusamukira ku Ga-Rankuwa, shifiti yake n'kugwera Lamulungu. Anatisiya nkhani ili pakati, tili pamlatho, chimphona chatsekereza njira.

Achemwali anakweza pepala la Godfrey n'kufunsa wotenga chishango.

“Achimwene, inu bwanji?”

“Ine? Aikona!” anatero Achimwene Davison. “Sabata yonse ndimaweramira bwana, galu wake akundiuwa, panjira andifunsa mapepala. Ndiye Lamulungu ndizikwera tekisi kudzamenyedwanso ndi chimphona? Kalimu amaima kutali, ndipo ndimamukondera zomwezo.”

Sindinawaseke, chifukwa nanenso maganizo anga anali omwewo. Palibe mwa ife amene ankafuna kukhala thumba lolandira nkhonya, ngakhale papepala.

Mufaro ndiye anati, “Eish, Achemwali, nkhaniyi mumasimba ndinu. Chidwalitseni chimphonacho, kapena tipatseni msilikali wanu wotiperekeza.”

Mukanaona nkhope yawo! “Dayisi ndimaponya poyera, aliyense akuona,” anatero. “Chimphona sichidwala. Inu mutatsika basi kuno, alipo anakuchepetserani Joni poona kuti mulibe wokuimirani kutsogolo? Mlatho ndi umenewo. Wolokani, kapena bwererani.”

Mufaro anati ngati ndi choncho iye asiya kubwera. Ine ndinawalalatira Achemwali kuti ali ndi mtima wa mwala, adzatsala okha ndi chitseko chawocho. Anangondiyang'ana, n'kuyamba kutolera makapu.

Lamulungu lotsatira Mufaro anabwera ndithu, ndipo anabwera ndi nzeru. Anati kutchalitchi azimayi timachita chipereganyu, lero alandira uyu, mwezi wamawa wina. Bwanji osachita chimodzimodzi ndi zibonga? Aliyense aime kutsogolo alandire chimodzi, abwerere m'mbuyo amangidwe mabala, wina alowepo, enawo akubaya. Palibe womenyedwa kawiri motsatizana.

“Malamulo saletsa,” anatero Achemwali. “Koma chibonga sichifunsa kuti ndiwe woonda.”

Achimwene Davison anang'ung'udza kuti iwo analumbira kale. Ine ndinawauza kuti m'chipereganyu mulibe mlendo, wodya nawo amasonkha nawo. Anatukwana chapansipansi, koma anavomera.

Ndinayamba ndine. Chibonga chinandipeza paphewa, wakuba wanga n'kutsala ndi moyo wa nkhuku, koma anakwawira kumbuyo. Mufaro analowa, chimphona chinaphonya, tinakuwa mpaka mayi eni nyumba anasuzumira pazenera. Mivi ya Kalimu inali italowa kale m'khosi mwa chilombocho, chikudzandira. Kenako inakwana nthawi ya Achimwene. Anaimirira pachidebe paja ngati chimphonacho chili m'chipindamo, n'kunena kuti, “Kalimu wapita kutsogolo. Bwera, galu iwe!”

Achemwali anaponya dayisi ya chimphona pakati pa chitseko, yoti ikakula womenyedwa ndiwe. Inagubuduka, n'kuima pa nambala yaikulu kuposa zonse.

Tonse tinaiona. Ine ndinanong'ona kuti yagunda kapu, aponyenso. Mufaro naye anati inde, yagunda. Kunena zoona sinagunde kanthu. Achemwali, misozi ili lengelenge, anayang'ana Achimwene Davison, ndipo anati, “Kalimu wafa, Achimwene. Wafa ataima. Jessie, chimphona chawerama, mpeni uli ndi iwe.”

Ndinachibaya, chinagwera mumtsinje, tinawoloka. Palibe anakondwera. Achimwene anapinda pepala la Kalimu, kuliika m'thumba la malaya, n'kutuluka osatsanzika. Ndinakwiya koopsa. Ndinawauza Achemwali kuti athamangitsa munthu wamkulu chifukwa cha kapulasitiki, ndipo akapita iwowo nafenso tibalalika.

“Ndikanaponyanso ndikanawanyoza,” anayankha. “Munthu uja anaima zenizeni. Ndimusandutse mwana?”

Sabata imeneyo Achimwene sanayankhe foni ya aliyense. Lamulungu Achemwali anayala chitseko chawo monga mwa masiku onse, n'kuikanso chidebe cha Achimwene pamalo pake. Tiyi anazizira tikuyang'ana kukhomo. Mufaro atayamba kufunafuna chikwama chake kuti azipita, tinamva kugogoda. Achimwene analowa nkhope ili gwa, moni osapereka, n'kuponya pepala latsopano patebulo.

Achemwali analiwerenga, n'kukweza maso. “Wamautanso? Chishango chili apo, chilibe mwini.”

“Chikhale pomwepo,” anatero Achimwene Davison, akukokera chidebe pafupi. “Uyu ndi mng'ono wake wa Kalimu, woonda kuposa mkulu wake. Mulembeni pa chipereganyu. Chilombo chikabwera, ayambe ndi iyeyu.”