Phazi Limene Apadiri Anasambitsa

Amuna anga anakhala zaka zoposa makumi atatu osavula nsapato pamaso pa anthu. Muno mu Tete, mmene dzuwa limaotchera mpaka phula kumata, iwo ankayenda ndi nsapato zotseka, masokosi awiriawiri mkati. Kumsika kumene timagulitsa mbatata ya ku Angónia anzathu anawapatsa dzina loti adiretori, ngati bwana wa mu ofesi, chifukwa cha nsapatozo, iwo n'kumangoseka nawo. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti phazi lawo lakumanzere lili ndi zala ziwiri zokha. Zitatu zinapita nthawi ya nkhondo ali mnyamata, akuthawira ku Malawi. Chitsa chinawabaya, bala linaola, kuchipatala cha othawa nkhondo anangozidula. Ngakhale ine mkazi wawo, phazilo ndinali nditaliona masana mwina kanayi.

Chaka china Pasaka atayandikira, katekista wa tchalitchi chathu ku Matundo anabwera kudzanena kuti amuna anga asankhidwa. Akhale mmodzi wa atumwi khumi ndi awiri amene apadiri amawasambitsa mapazi pa Lachinayi Loyera. Ine ndinaimba nthungululu. Iwo nkhope inagwa. Koma munthu wosajomba misa, woimba besi mu kwaya, akanakana bwanji utumwi?

"Kodi apadiri amasambitsa mapazi onse awiri?" anafunsa choncho.

"Limodzi lokha, bambo," anayankha katekista. "Msana wawo ndi wachikulire uja."

Basi mtima unakhala pansi. Adzapereka lakumanja. Vuto linali lakuti lakumanjalo, ngakhale zala zinali zokwanira, linali ndi ming'alu yolowa njere ya chimanga. Lolemba madzulo analiviika m'madzi otentha, m'beseni langa lotsukira ndiwo. Lachiwiri anakatola mwala ku Zambezi n'kuyamba kulikwecha. Mwala utachepa mphamvu anakapempha pepala lokwechera matabwa kwa kalipentala woyandikana nafe. Nthawi yonseyi lakumanzere lili phee m'nsapato yake.

Ndinati, "Bambo, akuti akakusambitseni. Inu mukusambiranji?"

"Mayi, mukufuna apadiri agwire zonyansa?"

"Nanga Ambuye anauza atumwi kuti abwere atasambasamba?"

"Atumwi aja sankapondaponda matope a kumsika."

"Ankagwira nsomba, bambo. Ankanunkha kuposa inu."

Anangopitiriza kukwecha. Amuna anga akakhala chete ndiye kuti nzeru ina yoipa yawafikira. Lachitatu ndili kuseri ndikuanika zovala ndinangomva, "Mayo!" Ndinawapeza ali ndi lezala m'manja, akuti amafuna kusalaza chidendene, magazi ali chuchuchu m'beseni langa lija. Kutacha Lachinayi phazi linali litatupa. Tinakwera chapa, minibasi ya kuno, kuwoloka mlatho kupita kuchipatala. Namwino analikulunga nsalu yoyera mpaka mu akakolo, nanena kuti lisakhudze madzi sabata yonse.

Ndikuulula tchimo langa: pobwerera ndinaseka m'chapa mpaka nthiti kuwawa. Phazi losambitsidwa masiku atatu kuti likasambitsidwe, lero aliletsa madzi. Koma nditawayang'ana kuseka kunathera pakhosi. Anali ndi mantha enieni.

"Mukawauze kuti ndadwala malungo," anatero titafika kunyumba.

"Ine ndikanene bodza pa Lachinayi Loyera? Atumwi akatsale khumi ndi mmodzi? Mukudziwa amene anachoka pa mgonero uja anzake n'kutsala khumi ndi mmodzi."

Anandiyang'ana moipa. Koma anavala malaya awo oyera, ndipo ndikhulupirira kuti chimene chinawafikitsa kutchalitchi tsiku limenelo ndi mkwiyo.

Misa inayamba dzuwa lisanalowe, tchalitchi chodzaza, thukuta lili kamukamu. Atumwi anawakhazika pa mabenchi kutsogolo, moyang'anana ndi mpingo wonse. Amuna anga anali achisanu ndi chiwiri, phazi lina m'nsalu, lina m'nsapato. Apadiri ankayenda ndi maondo, beseni patsogolo, chopukutira paphewa. Atafika pa iwo, amuna anga anatambasula lokulungidwa lija. Kaya ankaganiza kuti apadiri angolidalitsa n'kupitirira.

Apadiri analiyang'ana, kenako anawayang'ana kumaso. Ndinali pa benchi lachiwiri, ndinamva bwinobwino.

"Ili ena andisambitsira kale. Ndipatseni linalo."

Kwaya inamaliza nyimbo n'kuibwereza. Amuna anga anawerama, namasula zingwe. Anavula nsapato. Anavula sokosi. Anavula sokosi yachiwiri, ndipo kumbuyo kwanga wina anatsokomola pobisa kuseka. Kenako phazi linatuluka, loyera mbuu ngati chinangwa chosenda, zala ziwiri ndi chipsera. Ine chisoni chinandigwira koopsa. Ndinalakalaka nditanena bodza lija.

Apadiri sanadzidzimuke, komanso sanafulumire. Anathira madzi, natsuka chala chachikulu ndi chinzake. Atatero anapita pamene panali zitatu zija, napakapo ndi chala chawo, apa, apa, ndi apa, ngati zilipo. Anapukuta, nawerama, nalipsompsona. Basi anakoka beseni kupita kwa mtumwi wachisanu ndi chitatu. Amuna anga misozi inali ikugwera pamalaya, osaipukuta. Ine chimodzimodzi.

Misa itatha anatuluka nsapato ili m'manja, masokosi atawapanikiza mkati. Panja mayi wina amene timagulitsa naye kumsika anawerama, naliyang'anitsitsa phazilo mopanda manyazi.

"Adiretori, basi n'zimenezi? Zaka zonsezi ife timayesa muli ndi ziboda."

Amuna anga anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve kwa nthawi yaitali. Popita kunyumba lakumanja linkawawa, moti limene linawanyamula njira yonse ndi lobisidwa lija, likuponda fumbi la Matundo koyamba.

Loweruka m'mawa anandiitana.

"Mayi, mukandigulireko mapatapata."

Ndinakagula, koma m'njira ndinkada nkhawa kuti kumanzereko patapata agwira pati. Atavala tinawerama tonse awiri kuyang'ana. Chingwe chinalowa pakati pa zala ziwiri zotsalazo n'kukhala nganganga.

"Taonani," anatero amuna anga motsitsa mawu. "Anandisiyira zokwanira."