Nkhokwe ya Gelesomu Ili ndi Kiyi Mmodzi

Lachiwiri lapitali tinaika mlongo wanga Nachisale kwathu kumapiri a Ntchisi. Musavutike kundipepesa, abale. Nthawi yake inali itakwana, ndipo pa mpikisano wotha mano anali atandipambana kale. Chandigwiritsa cholembera lero ndi mwana wake, mphwanga Gelesomu.

Gelesomu ndiye wophunzira wa pamtundu pathu. Ine sukulu ndidalekera Sitandade 3, aphunzitsi a mishoni ataona kuti ine ndi masamu sitidzamwerana madzi. Iye adapita patali, ndipo ali pa kampani ina ya fodya ku Lilongwe. Ntchito yake ndi kusamala nkhokwe. Osati ya chimanga ayi, koma ya mayina, imene ili m'makina aja akuti kompyuta. Mlimi aliyense, mudzi wake, mabelo ake, zonse zili m'menemo.

Chaka chatha adandilowetsa m'chipinda chake. Kuzizira ngati kwathu mwezi wa Juni, akuti makinawo sagwirizana ndi thukuta. Adandionetsa matepi ozungulira ngati mbale, nati tsiku lililonse asanaweruke amakoperamo zonse, kuti makina akadwala adzabwezeretse. Ndidati, "Basi, imeneyi ndi mbewu yomangirira kutsindwi." Adaseka. Ndidafunsanso, "Nanga ukadwala ndiwe?" Pamenepo sadaseke.

Tsono Lachiwiri lija, adzukulu ali kumanda kukumba, amayi a kumpingo akuimba pasiwa, tinamva galimoto ikubuula pachitunda. Munatuluka bambo wa tayi, nsapato zosadziwa matope. Anapepesa maliro mwaulemu wake, kenaka anakokera Gelesomu pambali. Ine, poti ndine mwini mbumba, ndinatsatira osaitanidwa.

"Pepani achimwene," anatero wa tayiyo. "Magetsi anazima dzulo. Atayaka, nkhokwe yakana kutseguka. Malole a fodya angoti ndondondo pageti. Abwana akuti tibwerere limodzi."

"Matepi alipo," anatero Gelesomu. "M'kabati yachitsulo."

"Tawaona. Koma iyambe iti, itsatire iti? Ndiponso mawu otsegulira ali m'mutu mwanu."

Ndinalowerera. "Bambo, wagona m'nyumbamo ndi mayi wake wa munthuyu. Fodya saola lero. Dikirani tiike, mudye, muzipita."

"Agogo, ine ndangotumidwa." Anayang'ana nsapato zake zija. "Masiku ano munthu ukakana ntchito, ena amakanena kuti wakana zina."

Msewu wochoka kwathu kupita ku Lilongwe umadzera ku Dowa, ndipo tonse tikudziwa mpanda wa ndende ya andale umene uli m'mbali mwake. Nkhalamba yofuna kufera pamphasa pake imatsokomola n'kukhala chete.

Gelesomu anandiyang'ana, maso ali psuu. "Atsibweni, nditani?"

"Uwauze mawuwo, uwalongosolere za matepi, apite okha."

"Sangathe. Sindinaphunzitsepo munthu."

"Chifukwa?"

"Ndikaphunzitsa wina, ine ndidzakhala wa chiyani?"

Mwamva, abale? Mwana wovala jekete, wolankhula Chingerezi cha m'mphuno, koma matenda ake ndi akwathu enieni. Kodi si ife amene sing'anga wathu amakakumba muzu yekha, akucheuka, mpaka kufa nawo? Kwa Msakambewa kudali mmisiri wosula makasu amene ankathamangitsa ana ake omwe akafika pothira chitsulo m'madzi. Lero zidzukulu zake zimagula makasu ku Mponela.

Timati tikabisa luso ndiye kuti tamanga ntchito yathu ndi chingwe. Zoona. Koma chingwe chili ndi nsonga ziwiri, ndipo inayo imakhala m'khosi mwako.

Taonani Gelesomu. Anzake amene adalowa nawo ntchito adakwezedwa, ena adatumizidwa kumaphunziro. Iye akapempha, abwana amamusisita paphewa: "Tikakuchotsa pamenepo, atsale ndani?" Ndi chilungamo chimenecho. Nsanamira yapakati saikweza udindo. Imaima pomwepo mpaka chiswe chiimalize. Tchuthi sachidziwa. Akazi ake adachira kuchipatala iye ali m'chipinda chozizira chija.

Akulu adati mutu umodzi susenza denga. Mphwanga adayesa, ndipo dengalo lamukhala.

Inu anyamata amene mukuthamangira ntchito za makinazi, mverani mbuli. Kukopera m'matepi n'kwabwino, ndipo muziyesako kubwezeretsa, chifukwa mbewu yosayang'anidwa umaipeza itafumbwa mvula itagwa kale. Koma mphwanga adakopera mayina a alimi a chigawo chonse, naiwala kukopera mutu wake. Lembani ndondomeko, iyambe iti, itsatire iti. Khazikani mnzanu pampando wanu inu muli moyo, alakwitse mukuona. Akakuposani, zikomo, ndiye kuti mwamasuka kukwera. Ndipo inu mabwana, munthu mmodzi akamadziwa zonse musamanyadire. Muziopa.

Koma izi ndikunena lero. Lachiwiri panalibe nthawi ya ulaliki.

Gelesomu analowa m'nyumba, anagwada pafupi ndi bokosi, anagwira chivindikiro ndi manja onse awiri. Kenaka anatuluka n'kukwera galimoto. Amayi anasiya nyimbo pakati kuti aone bwino.

Kumanda, mkulu wa mpingo anati, "Mwana wa malemu ayambe kuponya dothi." Nachisale adabereka mmodzi yekha. Ndinawerama ndi msana wangawu, ndinaponya kawiri, langa ndi lake.

Lachisanu uthenga unafika ndi kondakitala wa basi. Akuti nkhokwe inatseguka, malole anayenda, abwana anamuyamika pamaso pa onse. Silinatayike dzina la mlimi ngakhale limodzi.

Ndasangalala, mphwanga. Tsono tandiuza, poti ndiwe katswiri wobwezeretsa zotayika: tepi ya Lachiwiri lija ili m'kabati iti?