Kompyuta Yathu Itaphunzira Ulemu

Kwaya yathu ya ku Lirangwe itajambulitsa nyimbo zake, aliyense mumpingo anafuna kuti zilowe m'foni mwake. Ine ndinali mlembi wa kwayayo, choncho ntchito yoika nyimbo m'timakhadi ta m'foni inagwera ine, pa kompyuta yakale imene inkakhala mu ofesi ya abusa.

Alamu anga a ku Chileka, amuna awo a achemwali anga, anaphunzira za makompyuta m'tauni. Loweruka lina anabwera pa minibasi n'kundikonzera timalamulo m'chiwindo chakuda chopanda zithunzi, chimene umalembamo mawu kompyuta n'kuchita zomwe wanenazo. Ndikalowetsa khadi n'kulemba liwu limodzi, nyimbo zonse zinkasamuka zokha. Ikamaliza, kompyutayo inkangoti duu.

"Alamu, bwanji osaikapo kabokosi kondiuza kuti zatheka, ndi batani loti ndizingodina?" ndinawafunsa.

"Mabatani ndi a ana, alamu," anayankha. "Chiwindo ichi ntchito yake n'kumva malamulo basi. Mukafuna zithunzi, kaonereni vidiyo kumsika."

Zinthu zinasintha nditagona ndi malungo. Mkulu wina wa mpingo, bambo amene anapuma ntchito yauphunzitsi, anayesa kudziikira okha nyimbo. Anaphonya chilembo chimodzi, chiwindo chija n'kuwayankha m'Chingerezi mwachidule kuti sichikudziwa zimene akunena. Nkhaniyo inakafika ku msonkhano wa akulu ampingo, ndipo alamu anaitanidwa.

Monyinyirika, anapeza kapulogalamu kothandiza timalamulo tawo kutulutsa timabokosi. Koyamba kanali ndi mawu akuti, "Lowetsa khadi."

"Ikuuza ndani?" anafunsa akulu opuma uphunzitsi aja atavula magalasi. "Ndine mwana wake ine?"

Alamu anasintha kukhala "Chonde lowetsani khadi." Amayi ena anati chinthu chopempha chisanapereke moni n'chosaleredwa. Panabwera kabokosi ka "Mwadzuka bwanji?" ndi batani la "Ndadzuka bwino, kaya inu." Agogo ena odwala miyendo anakana kudina, amvekere iwo sanganame mu ofesi ya abusa, ndiye panawonjezeka batani la "Pang'onong'ono." Wobwera masana anadandaula kuti akufunsidwa za kudzuka dzuwa lili pamutu, choncho kompyuta inaphunziranso "Mwaswera bwanji?" Wotsogolera kwaya anapempha vesi la tsikulo. Loweruka lililonse alamu ankatsika minibasi nkhope ili gwa, ngati munthu wobwera kudzazulitsa dzino.

Ntchito imene inkatha munthu asanakhale pansi tsopano inkatenga nthawi ngati mwambo wa chinkhoswe. Mzere unkafika pakhonde, akabaza akuliza mabelu panja kudikira anthu awo. Koma anthu ankatuluka akumwetulira, chifukwa kabokosi komaliza kankati, "Zatheka. Muyende bwino, mukapereke moni kunyumba."

Lamlungu lina anthu anabwera ndi madandaulo: m'makhadi awo munalibe nyimbo ngakhale imodzi. Alamu atafufuza anapeza kuti poika vesi lija anafufuta mwangozi mzere wa lamulo umene unkasamutsa nyimbo. Sabata yonse kompyuta inkangolonjera anthu, kuwawerengera mawu a Mulungu, n'kuwatsanzika chimanjamanja.

"Mwaonatu!" anatero alamu, thukuta lili kamukamu. "Chiwindo chakuda chikanakuuzani kuti palibe chachitika."

"Chikanatiuza mwamwano," anayankha akulu aja. "Iyi yalakwitsa, inde, koma ndi yaulemu."

Akulu ampingo anagwirizana kuti timabokosi tonse tikhale, mzere wosowawo ubwezeretsedwe, ndipo pawonjezeke kabokosi kena kopepesa zinthu zikalakwika. Alamu analemba kabokosiko. Pobwerera anakana tiyi, ndipo achemwali anandiuza kuti atafika ku Chileka sanalonjere munthu aliyense mpaka m'mawa mwake.