Chingwe Cholizira Kathirakitala

Mu dirowa ya m'khitchini mwanga, pakati pa makandulo ndi mabatire akutha, muli chingwe chachifupi chakuda bii ndi girisi. Mbali ina chili ndi mfundo, mbali inayo kamtengo kogwirira kamene amalume anasema kuchokera ku mpini wa tsache. Ndasamuka kasanu, ndataya mabuku, nsapato ngakhale zithunzi, koma chingwechi sichinditaya. Fungo la petulo linatha kalekale, komabe ndikachiyandikiza kumphuno ndimalimva.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Ongar, m'mphepete mwa mzinda wa Dublin, mu fulati yam'mwamba, ine, amayi ndi amalume, achimwene awo a amayi. Dublin nthawi imeneyo inali itapenga ndi kumanga. Munda umene wauona lero uli ndi ng'ombe, mwezi wamawa umaupeza uli ndi maziko a nyumba. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kuchoka m'mamawa n'kubwera madzulo miyendo itatupa. Amalume sankagwira ntchito, osati chifukwa cha ulesi, koma lamulo silinkawalola mpaka nkhani ya mapepala awo itaweruzidwa. Munthu amene kumudzi ankadziwika dera lonse pokonza injini za zigayo ankangokhala pasofa, manja pamaondo, kuyang'ana pawindo anthu ena akumanga. Kubwerera kumudzi, ngakhale kwa tsiku limodzi, sakanatha, chifukwa kutero kunali kutaya nkhani yawo yonse. Kumeneko anasiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, msuweni wanga, wobadwa chaka chimodzi ndi ine.

Msuweni wangayo sindinkamukonda, ndinene zoona. Nkhope yake sindinkayikumbuka n'komwe, koma m'nyumba mwathu ankakhalamo kuposa ine. "Mnzako kumudzi amachapa yekha yunifolomu," amalume ankatero. "Mnzako kumudzi akafunsidwa m'Chichewa amayankha m'Chichewa." Mnzangayo sankalakwa kanthu, sankataya tiyi, sankayankha mwamwano. Lero ndikudziwa kuti mwana amene uli naye kutali salakwa, koma panthawiyo ndinkangomva nsanje.

Zinayambira kusukulu. Lolemba lililonse tinkalemba nkhani ya kunyumba, ndipo ine ndinalemba kuti amalume anga anakonza makina otchetchera udzu a munthu wina pongowamvetsera ndi khutu. Aphunzitsi, mayi wamtali wa imvi zochepa pamwamba pa makutu, ananditsalitsa anzanga atatuluka. Bambo a aphunzitsiwo anali atamwalira nyengo yozizira yapitayo, n'kusiya munda wa ndiwo zamasamba kuseri kwa tauni ya Swords. Mundawo unali utagulidwa kale ndi omanga nyumba, ndipo pofika kumapeto kwa tchuthi chachitali shedi ya malemuwo inayenera kugwetsedwa. M'shedimo munali kathirakitala kolimira m'munda, kamene kanakhala chete zaka zambiri. Aphunzitsi ankafuna kukamva kamodzi kokha mundawo usanapite.

Ndimo mmene tchuthi changa chonse chinathera m'shedi ya munthu wakufa. Tinkakwera mabasi awiri, amalume atanyamula sangweji m'thumba la pulasitiki. Shediyo inali ya malata, yonunkha oyilo wakale, mbatata zowola ndi makoswe. Mvula ikamagwa padenga simukanamvana. Kuseri kwa chitseko kunali kupachikidwa chijasi chobiriwira cha malemuwo, mikono yake itapindika pachigongono ngati mwini wake wangochivula kumene. Ndinkachiopa chijasicho. Amalume akafika pakhomo ankavula chipewa n'kunena kuti, "Odi, bambo." Ankadikira pang'ono, kenako n'kulowa. Sipanala iliyonse akatha kugwiritsa ntchito ankayipukuta n'kuyibwezera pa msomali wake weniweni. "Zida zili ndi mwini wake," ankatero. "Ife tangobwereka."

Kathirakitalako kanali kofiira kale, koma dzimbiri linali litakadya mpaka kufanana ndi dothi. Kanali ndi mpando wachitsulo wa mabowo, matayala akutsogolo aang'ono ngati a wilibala. Pisitoni inali itagwira. Amalume sanayimenye ndi hamala monga ndinkayembekezera. Anathiramo palafini pang'ono n'kutseka, mawa lake n'kuthiranso, mpaka milungu iwiri. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe." Ine ntchito yanga inali kutsuka mabawuti ndi mswachi wakale m'chitini cha palafini, n'kuwandanda pa nyuzipepala monga mmene anachokera. Zala zanga zinkalowa paliponse pamene zawo zinkakanika, ndipo kasipuling'i ka mu kabureta ndinakabwezera ndine.

Mbiri inamveka. Alimi oyandikana nawo, amene nawonso minda yawo inali itagulidwa, anayamba kubweretsa zawo m'malo mokataya. Uyu kathirakitala ka matayala awiri koyenda nako pansi, uyo pampu ya madzi, winayo injini yopanda chilichonse, yongoti injini. Pofika mu August panali makina asanu ndi awiri atandandalikidwa kukhoma. Madoda a manja okhakhala ankaima pakhomo n'kumayang'ana amalume akugwira ntchito. Amalume anayamba kunenepa. Ankaimba mluzu m'basi. Amayi anati, "Achimwene, nkhope yanu yabwerera."

Chingerezi amalume ankachidziwa, koma cha aphunzitsi chothamanga chija chinkawapitirira, choncho womasulira ndinali ine. Ndinkadzimva kwambiri ndi udindo umenewo, ndinkaona ngati zilankhulo ziwiri zonse zili m'thumba mwanga. Tsiku lina aphunzitsi anafunsa kuti kathirakitala kadzayenda liti. Amalume anati, "Uwauze kuti Loweruka lino tikaliza." Ine ndinamasulira liwu ndi liwu, kuti amalume akufuna kukachititsa kulira. Aphunzitsi anaseka mpaka kugwira chitseko. Kenako anayang'ana chijasi chija, kuseka n'kuwathera. "Ndiye tidzalira tonse," anatero.

Lachinayi la mlungu umenewo sitinapite kushedi. Amalume anapita m'tauni kukasaka pulagi ya injini, n'kundisiya m'nyumba ndi lamulo loti ndisatsegulire munthu. Cha m'ma leveni m'mawa foni ya m'nyumba inalira. Mawu anali a bambo wachikulire, akutali, ofika mochedwa ngati akuyankhulira m'chitsime. Anafunsa za amalume, anafunsa za amayi. Ndinati kulibe.

"Tamvera bwino, mwana iwe. Ukawauze akuluakulu kuti kuno kwagwa zovuta. Ndi za msuweni wako. Aimbe lero lomwe. Wamva?"

Ndinayankha kuti, "Okay." Foni inadula.

Liwu loti zovuta ndinkalidziwa, kapena ndinkaganiza kuti ndikulidziwa. Masamu ovuta. Mwana wovuta, monga amayi ankanditchulira ndikakana kudya. Ndinamva kuti msuweni wanga, mngelo wa kumudzi uja, wavuta. Mwina wathawa sukulu, mwina watukwana munthu. Ndinasangalala, Mulungu andikhululukire, ndinavina ndekha pakhitchini. Kenako ndinaganiza za Loweruka. Nthawi zonse kukabwera nkhani ya kumudzi amalume ankakhala masiku angapo osayankhula, osatuluka. Ndinaona kuti akamva zimenezi kathirakitala sikalira. Ndinati ndidzawauza Lamulungu, tsiku limene amayi ankagula khadi ya foni pochokera kutchalitchi n'kuimbira kumudzi. Masiku atatu okha, kodi mwana wovuta sangadikire?

Palibe anali atandiuzapo kuti kwathu imfa satchula dzina lake pamaso pa mwana, kuti amangoti zovuta. Ndakhala zaka zambiri ndikudziuza kuti sindinkadziwa, ndipo n'zoona. Koma bambo aja anati lero lomwe, ndipo mawu amenewo ndinawamva bwinobwino m'zilankhulo zonse ziwiri.

Loweruka kunacha bwino, mvula itagwa m'mamawa n'kukata. Tinakankhira kathirakitala panja, penti yake yatsopano ikuwala. Aphunzitsi anabwera ndi makeke, madoda aja anabwera atavala majekete a kutchalitchi. Kuseri kwa mpanda makina achikasu a omanga nyumba anali atafika kale, atangoima kudikira. Amalume anakulunga chingwe pa pule, kagudumu kolizira injini, anapondetsa phazi patayala, n'kukoka. Kanakhosomola. Kachiwiri kanalavula utsi wabuluu. Kachitatu kanalira, mokweza, moti akhwangwala anabalalika m'mitengo. Aphunzitsi anatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Amalume anandinyamula n'kundikhazika pampando wachitsulo uja, wonjenjemera mpaka m'mano, n'kumathamanga pambali panga ine ndikuwongolera pakati pa mizere yakale ya kabichi. Ankaseka ngati mwana. Ndipo pofuula kuti ndikhote, anandiitana dzina la msuweni wanga. Anaima, n'kugwira pachifuwa, kenako anasekanso. Inali cha m'ma thu koloko masana. Ndinadzamva pambuyo pake kuti nthawi yomweyo kumudzi anthu anali pamanda.

Lamulungu amayi anakanda khadi n'kuimba. Ine ndinali nditakonzeka kunena uthenga wanga, koma ndinachedwa. Ndinaona amayi akutsetsereka kukhoma mpaka pansi, pakamwa pali yasa. Amalume analanda foni. M'fulati munali zii moti mawu a akazi awo ndinkawamva onse. Malungo, masiku awiri okha. Anadikira Lachinayi, anadikira Lachisanu, foni ili m'manja, kuti bambo wa mwana anene liwu limodzi lokha asanatseke bokosi. "Tinaimba," anatero mawu aja. "Anayankha mwana."

Amalume anandiyang'ana. Sanakwiye. Kenako anatembenukira kukhoma.

"Mwanayo anandiuza," anatero. "Ndine amene ndinalephera kuimba."

Foni inadulidwa kumbali inayo. Ine mtima wanga unakhala pansi, ndinaona ngati ndapulumuka mkwapulo basi. Sindinkadziwa kuti kumudzi mwana wobisa uthenga wa maliro amamupatsa dzina limene silichoka mpaka kukalamba, ndipo amayi ake amalisenza naye limodzi. Akazi awo a amalume sanayankhulenso nawo. Patapita zaka ziwiri mapepala anakanidwa, amalume anabwerera ku Malawi, koma m'nyumba ya akazi awoyo sanakalowemo.

Masiku otsatira anthu akwathu anabwera kudzakhuza maliro, ena kuchokera ku Swords, ena ku Dún Laoghaire, nsapato mbwee pakhomo. Azimayi anakhala pansi m'chipinda, azibambo pabalaza. Koma makoma a mafulati aja anali opyapyala, ndipo wa pansi pathu anali atadandaulapo kale za phokoso. Nyimbo zinkaimbidwa monong'ona. Mayi wina atayamba kukweza mawu, anzake anamugwira phewa, iye n'kulirira m'chitenje. Amalume anakhala pampando masiku atatu, akugwirana chanza ndi aliyense, maso ali gwa. Ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti, "Bambowa ndi olimba mtima." Ine ndinakhulupirira.

Lachinayi lake amalume anandidzutsa m'mawa. "Tiye kushedi." M'basi sanaimbe mluzu. Tinapeza mpanda utagwetsedwa kale mbali imodzi, makina ena aja eni ake atawatenga. Pakhomo anavula chipewa, koma odi sananene. Anaima pamaso pa chijasi chija kanthawi, n'kuchigwira mkono monga umagwirira munthu pamaliro. Tinakankhira kathirakitala kumapeto kwa munda, kutali ndi msewu, kumene kunali lunguzi wa kuno woyabwa. Anakulunga chingwe pa pule n'kundipatsa kamtengo kogwirira.

"Kalize iweyo."

Ndinakoka kanayi ndi mphamvu zanga zonse, ndipo kanalira. Amalume anakankha kachitsulo ka mafuta mpaka kumapeto, chinthu chimene ankandiletsa nthawi zonse. Phokoso linadzaza munda wonse. Anagwada m'matope, anatsamiritsa chipumi pa boneti yotentha, manja atakumbatira kathirakitala mbali zonse. Ndinaona msana wawo ukugwedezeka ndi injiniyo, pakamwa patatseguka, misozi ikudontha pa penti yatsopano. Utsi unkawalowa m'maso. Ndinawamvera chisoni chifukwa cha utsiwo, ndipo pofuna kuthandiza ndinatambasula dzanja n'kuzimitsa injini monga anandiphunzitsira.

M'bata limene linagwa mwadzidzidzi ndinamva mawu amene sindinawamveponso kwa munthu wamwamuna. Anali pakati potchula dzina lija, lomwe anandiitana nalo Loweruka, molikoka, mosweka. Analimeza pomwepo. Khwangwala mmodzi analira kutali. Amalume sanadzutse mutu.

"Kalizenso, mwanawe," anatero motsitsa. "Sindinamalize kumvetsera."

Ndinakulunga chingwe ndekha n'kukoka. Ndinaima pambali pawo mpaka petulo yense anatha, chingwe chili m'manja mwanga, ndipo ndinachiyika m'thumba la jekete osadziwa kuti sindidzachibwezeranso pa msomali wake. Nthawi yonseyo ndinkatchera khutu kwambiri, monga anandiphunzitsira, kuti ndiwathandize kupeza vutolo. Ndinkadabwa kuti amalume, katswiri wotere, akuchedwa chiyani, popeza kwa ine injiniyo inkamveka yabwinobwino.