Akakolo a Abiti Mussa

Kwathu ku Ulongwe, masiku aja munthu sunkalowa mumsika wopanda kadi la chipani, ndine ndinkasambitsa maliro a amayi achisilamu. Lamulo lake ndi lakuti zimene waona pathupi la womwalira sukazinena kunja. Zaka zonsezi ndakhala ndikunamizira lamulo limeneli.

Atamwalira Abiti Mussa, nkhalamba yoyandikana nafe nyumba, ndinawavundukula nsalu n'kupeza akakolo onse awiri atadyeka ndi chingwe ngati a mbuzi. Kumsana kunali mikwingwirima yaiwisi. Ndinakumbukira mmene ankakuwira masana, ife n'kumati ukalamba wawazunguza mutu.

Mwana wawo wamkazi, tcheyamani wa amayi a chipani m'dera lathu, anasuzumira pakhomo.

"Mwaonapo chachilendo, achemwali?"

"Iyayi," ndinatero. "Thupi lawo ndi losalala bwinobwino."

Losalala! Anandifunsa zimenezo ndani? Ndinangowonjezera ndekha. Ndinawakulunga sanda, nsalu yoyera ya maliro, msangamsanga, kuyambira kumiyendo. Pa sadaka yawo ndinadya mpunga mbale ziwiri.

Lero ndakalamba, ndipo mdzukulu wanga amanditsekera m'nyumba akamapita kumsika. Ndimakhala ndikusisita akakolo angawa, n'kumadzifunsa kuti wodzandisambitsa ine adzayankha chiyani.