Matumba a thalauza la Olemekezeka

Mlamu wanga wasoka zovala pakhonde la sitolo imodzi kuyambira kale, moti ana amene anawasokera yunifolomu yoyamba ndi amene akhala akubweretsa ana awo kuti awayeze. Dzina lake lenileni ndi ochepa amalidziwa. Anthu amangoti a Bweranimawa, chifukwa ndi mawu amene amayankha aliyense wobwera kudzatenga chovala chake. Ine ndimasoka nsapato kumapeto kwa khonde lomwelo, ndipo mkazi wake ndi mlongo wanga. Choncho zimene ndikulembazi sindinazitole m'basi. Zimene ndinaona ndinena kuti ndinaona, pamene sindinaone ndinenanso.

Utelala anauphunzira kwa mkulu wina wankhanza amene ankamumenya ndi rula akaona kansalu pansi. Kuchokera pamenepo mlamu wanga sataya chidutswa cha nsalu, kaya chichepe ngati chikhatho cha mwana. Zonse amaponya m'saka limene limakhala pansi pa makina. Matelala ena amagula nsalu yoyera yosokera matumba a mathalauza. Iye sanaigulepo. Amangopisa m'sakamo. Thalauza limene ndavala panoli, thumba lina ndi la nsalu ya diresi la namwino, lina ndi la makatani a munthu amene sindikumudziwa. Ndikadandaula amati, "Alamu, m'thumba mumalowa dzanja, simulowa diso."

Khondelo ndi la Mayi a sitolo, amene amuna awo anamwalira kalekale. Malemuwo ndi amene anamupatsa mlamu wanga malowo, ndipo iye ankangowasokera a pabanjapo zovala zawo, basi. Malo amenewa ndiwo anali munda wake. Ali moyang'anana ndi pokwerera basi, ndipo aliyense wong'ambika zipi amayamba waona makinawo asanaone china chilichonse. Kunyumba kwa mlamu wanga ndi kuseri kwa msika, kanjira kopapatiza kamene ngakhale wanjinga amatsika n'kumakankha. Pasimenti ya khondelo miyendo ya makina inafukula timaenje tinayi.

Chaka chino maboma onse akusankha aphungu a Nyumba ya Malamulo, ndipo tsiku lovota layandikira. Mwana wa Mayi a sitolo anabwera kuchokera kumzinda waukulu kudzaimira chipani cha chizindikiro cha nyali. Sanapambane kanthu, koma anthu anayamba kale kumutcha Olemekezeka, iyenso n'kumavomera. Akulimbana ndi phungu amene alipo panopa, wa chipani cha makwerero, mayi wa mpata pakati pa mano akutsogolo. Tonse timangoti Mayi Gapu. Nkhope yawo ili pansalu za chipani chawo, akumwetulira, mpatawo uli poyera.

Nsalu za zipanizi zitangofika, tauni yathu inasintha. Anthu anayamba kusuzumira pazingwe za anzawo kuti aone chimene chayanikidwa. Munthu akagula mchere m'sitolo ina osati ya masiku onse, madzulo nkhani imakhala itafika pampopi. Ine andale sindiwakhulupirira, a nyali ngakhale a makwerero. Munthu amene sanakupatsepo moni zaka zonsezi akayamba kukutchula kuti bambo anga, gwira bwino katundu wako.

Ntchito inamuchulukira mlamu wanga. Masana pakhonde ankasoka malaya ndi madiresi a nyali. Koma amayi a makwerero nawonso ankafuna telala, ndipo ankabweretsa nsalu zawo kunyumba, zitakulungidwa m'mapepala. Kumeneko kuli makina aang'ono opukusa ndi dzanja, a mlongo wanga. Tsiku lina ndinapitako Lamulungu masana ndipo ndinapeza Mayi Gapu akundimwetulira pampando uliwonse.

"Alamu," ndinatero, "mapanga awiri avumbwitsa."

"Singano ilibe chipani," anayankha osadzutsa mutu.

"Singano ilibe, koma khonde lili ndi mwini wake."

Mlongo wanga anatulukira kuchipinda. "Achimwene, mwabwera kudzacheza kapena kudzalalikira? Ana m'nyumba muno adya mavoti?"

Ndinaona kuti zidutswa za tsikulo mlamu wanga anazisesa bwinobwino n'kuziika m'jumbo, ndipo Lolemba m'mawa anazikhuthulira m'saka la pakhonde lija, monga wachitira moyo wake wonse.

Masiku amenewo pabenchi yathu panayamba kukhala tcheyamani wa chipani cha nyali, munthu wa maso osakhazikika. Analibe chovala chosoketsa, analibe nsapato yong'ambika, koma ankakhala mpaka dzuwa kupendeka. Nthawi ina anandisendezera pakamwa kukhutu.

"Madala, alamu anuwa Lamulungu amakhala akutani? Kutchalitchi sitikuwaonatu."

"Pakamwa ali napo, ali apo. Afunseni."

Sanawafunse. Anangoyang'ana saka lija nthawi yaitali.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kunena, chifukwa kuchisiya kungakhale kunama. Tsiku lina Olemekezeka anaima pakhondepo ndi alendo ake, akuloza uku ndi uku. Anati akapambana adzagumula khondelo n'kumangapo ofesi ya magalasi. Mmodzi wa alendowo anafunsa za ife. Iye anati, "Madala awa tidzawapezera pena." Ananena ngati akunena za mabenchi. Mayi ake ali m'sitolo anakuwa kuti, "Ine ndili moyo palibe akuchoka apo!" Onse anaseka. Mlamu wanga sanasiye kupalasa makina. Sindikudziwa ngati anamva, koma ine amene ndinali patali ndinamva.

Sabata yomweyo Olemekezeka anabweretsa nsalu yakuda yokwera mtengo kuti amusokere thalauza lovala pamsonkhano waukulu. Ankafuna kukauza anthu kuti iye amavala zosokedwa kwawo, osati za kunja. Anayezedwa. Atabwera kudzatenga anauzidwa kuti abwere mawa. Mawa lakelo anauzidwanso chimodzimodzi. Tsiku la msonkhano linafika thalauza lilibe matumba. Galimoto inaima pamsewu ikuliza hutala, tcheyamani ataimirira pamutu pa mlamu wanga.

"Mukufuna Olemekezeka akalankhule atavala kabudula wamkati?"

"Phazi ndi limodzi lopalasira, bwana. Dikirani."

Ndinaona dzanja lake likulowa m'saka. Ngati diso linatsatira dzanjalo sindinaone, chifukwa ndinali ndi misomali pakamwa ndipo mayi wina ankandikalipira za chidendene cha nsapato yake. Lumo linalira, makina anathamanga, simbi inadutsa, thalauza linapita.

Msonkhano unali pabwalo la mpira. Ndinapita chifukwa sindikonda kuuzidwa. Malole anabweretsa anthu ochokera m'maboma oyandikana nafe, ena osadziwa n'komwe dzina la munthu amene ankamuimbira. Tsono Olemekezeka anali ndi chizolowezi chimodzi chimene tonse tinkachidziwa, poti ankachita pamsonkhano uliwonse. Akafika pankhani ya ziphuphu, ankatulutsa matumba a thalauza kunja kuti anthu aone kuti mulibe kanthu. Tsikulonso anatero.

"Akuti ndabwera kudzagula mavoti! Ndigula ndi chiyani? Onani!"

Anakoka matumba onse awiri n'kutambasula manja.

Bwalo linati zii. Kenako mayi wina kutsogolo anayamba kuseka, kuseka kwake kochita kugwira m'mimba. Kuthumba lamanzere kunali mano oyera, mpata uli pakati. Kulamanja kunali makwerero. Iye sankaona, ankayang'ana anthu, ndipo anaganiza kuti akusangalala naye, moti anazungulira kuti a kumbuyo aonenso. Wina anakuwa kuti, "Mayi afika kale pamsonkhano!" Mafoni anakwera m'mwamba ngati mapesi. Pamene tcheyamani ankathamangira kukamunong'oneza, chithunzicho chinali chitapita kale. Pofika madzulo mwana wanga wa kuboma lakutali anandiimbira kufunsa ngati telala wake ndi amuna a azakhali ake.

M'mawa mwake tinapeza Mayi a sitolo atatulutsa mpando pakhonde, chinthu chimene sachita. Mwana wawo anaima kumbuyo kwawo, tcheyamani pambali, thalauza lili pansi pamene analiponya. Mlongo wanga anabweranso, ataona kuti zinthu sizili bwino. Anthu odikira basi anasiya kudikira basi.

Tcheyamani ndiye anayamba. "Anakupatsani chiyani a makwerero?"

"Palibe anandipatsa kanthu," anatero mlamu wanga. "Munkandifulumizitsa nokha. Ndinangopisa m'saka."

"Nanga nkhope ya mayi uja inalowa bwanji m'saka lanu? Inayenda yokha?"

Mlamu wanga anayang'ana makina ake. Pamenepo Mayi a sitolo anatembenukira kwa ine.

"Bambo a nsapato, inu ndakudziwani zaka zonsezi, simunama. Alamu anuwa amasoka za makwerero?"

Mlongo wanga anandiyang'ana. Ndikudziwa chimene maso akewo ankapempha. Koma ine sukulu ndinalekezera panjira, chuma ndilibe, chimene ndili nacho ndi chakuti ndikanena kuti nsapato iyi siikonzeka, anthu amaitaya osakafunsanso kwina.

"Amasoka, mayi. Kunyumba, Lamulungu."

Anthu anang'ung'udza. Tcheyamani anaomba m'manja kamodzi.

"Sindinamalize," ndinatero. "Zoti amapisa m'saka n'zoonanso. Wachita zimenezi kwa aliyense. Inu a tcheyamani, thalauza mwavalalo anasoka ndi iyeyu. Tatulutsani thumba."

Anakana, koma anthu anamukakamiza. Linatuluka thumba la timaluwa tofiira, nsalu ya diresi la mwana. Amuna ena pagululo anayamba kusuzumira m'matumba mwawo, wina n'kupeza yunifolomu ya sukulu, wina nsalu ya kwaya. Kunali kuseka. Mayi a sitolo okha sanaseke.

"Za saka ndikuzidziwa," anatero. "Amuna anga anayenda ndi matumba otero mpaka kumanda. Koma mwana wanga wasekedwa m'maboma onse, ndipo anthu akuti njoka ndaisunga pakhonde panga. Ndiye imvani, a telala. Malowa sindikulandani. Musiye kusoka za makwerero mpaka tivote, ndipo saka ili litenthedwe pano, anthu akuona. Mukatero khalani."

Kunena zoona, ine ndinaona kuti amuchitira chifundo. Mlongo wanga anapumira m'mwamba.

"Za makwerero ndisiya, mayi," anatero mlamu wanga. "Koma saka ayi."

"Abambo ake!" anakuwa mlongo wanga. "Masanza amenewa?"

"Si masanza. M'menemu muli anthu a tauni ino, ena anapita kale. Muli malaya a bambo a panyumba pano. Muli yunifolomu yoyamba ya Olemekezekawa. Ine sinditentha."

"Mwamva, amayi?" anatero Olemekezeka. "Akubisa zina m'menemo."

Mayi a sitolo anayang'ana mlamu wanga. Kenako anati, "Sankhani, a telala." Anaimirira, nanyamula mpando wawo okha, n'kulowa m'sitolo.

Mlamu wanga anachotsa lamba wa makina, namasula mutu wake, n'kuukulunga m'nsalu. Ine ndinanyamula miyendo yachitsulo ija, iye mutu, mlongo wanga saka. Tinayenda choncho mpaka kuseri kwa msika.

Panopa amasokera pakhomo pa nyumba yake. Makasitomala ndi ochepa, chifukwa wong'ambika zipi sangayende mpaka kumeneko atagwira thalauza m'manja. A nyali amati ndi kazitape. A makwerero chithunzi chija akuchionetsa pamisonkhano yawo m'maboma onse, koma kwa iye sanabweretse ngakhale ulusi umodzi, ndipo amayi awo aja anasiya kubwera poopa kuti anganenedwe kuti ndiwo anamutuma. Mlongo wanga akandiona amangoti "mwadzuka" n'kulowa m'nyumba.

Thalauza lija palibe analitola, ndiye ndinalisunga m'bokosi langa la zida. Ndalitembenuza kangapo. Ndine wosoka inenso, ngakhale ndimasoka zikopa, ndipo ndimadziwa kusiyana kwa chinthu chodulidwa mothamanga ndi chodulidwa moyeza. Mpata wa mano uja uli pakatikati penipeni pa thumba. Makwerero aima chilili, sanapendeke. Komanso n'zoona kuti munthuyu dzanja lake silidziwa kudula mokhota, ngakhale atatsinzina. Ndiye pena ndimati zinangochitika. Pena ndimakumbukira ofesi ya magalasi ija, ndi mmene anachedwetsera matumba okhawo mpaka tsiku lomaliza, ndi mmene anakanira kutentha saka mosavuta, ngati munthu amene anatsanzikana nalo kale khondelo mumtima mwake.

Dzulo ndinapitako. Ndinamupeza yekha akupinda diresi la mwana wa neba.

"Alamu, tili awiri, mlongo wanga kulibe. Ine ndinanena zoona pamaso pa anthu ndipo zakudyerani malo. Inunso ndiuzeni zoona. Munachita dala?"

Anadula ulusi ndi mano, natola kachidutswa kamene kanagwa pansi, n'kukaponya m'saka.

"Bwerani mawa," anatero.

Ndipitanso. Pakhonde ndatsala ndekha, ndipo timaenje tinayi tija tayamba kudzaza fumbi.