Namwaye ndi Pikapu Yobanika Paphiri

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, mtsikana wina anatuluka pageti la galaja atanyamula masipanala ake m'jumbo, misozi ili mbwembwembwe. Anzake a m'galajamo anali atamupatsa kale dzina lachipongwe lochokera ku mwaye wa utsi: Namwaye.

Chinamugwetsa chinali pikapu ya dizilo ya bambo wina wonyamula kabichi ndi karoti kuchokera kuminda ya pamwamba pa phiri kupita nazo kumsika wa kuchigwa. Bamboyo anadandaula kuti galimoto ikufuka utsi wakuda ndipo ikusowa mphamvu. Bwana wa galaja anapereka ntchitoyo kwa mtsikanayu, amene anali atangomaliza kumene maphunziro a umakaniko. Iye anasintha manozo, timipopi tija topemerera dizilo mu injini, n'kuiliza pabwalo. Utsi kunalibe. Anaizungulitsa m'tauni, utsi kunalibe. Anasamba m'manja mtima uli mbee.

Posakhalitsa pikapu inabweranso, kumbuyo kwake kuli bii. Mwini wake anapaka chala pachitseko chakumbuyo n'kumuonetsa bwana.

"Ameneyu ndiye makaniko wanu? Paphiri ndikuchita kukwawa, ondilondola pambuyo akungotsokomola."

Bwana sanafunse zambiri. "Vula ovolosi, mwana iwe. Ntchito iyi si yako."

Zinamupweteka zedi, chifukwa umakaniko anaukonda kuyambira ali wamng'ono. Komanso nkhani yoipa imayenda msanga kuposa mwini wake. Galaja iliyonse imene anakagogoda inali itamva kale za Namwaye.

Atagwa mphwayi anakwera basi kupita kwa achemwali ake, amene ankagulitsa tiyi m'kanyumba ka m'mphepete mwa msewu, pamwamba pa phiri lomwelo. Makaniko wa satifiketi anayamba kutsuka makapu. Masipanala anawakankhira kunsi kwa bedi.

"Alamu, masipanala aja tibwerekeni, tizitakasira shuga," ankatero amuna a achemwali ake.

Iye ankaseka nawo, koma m'kati mukuwawa. Choipitsitsa, pikapu ija inkadutsa pakhomo pomwepo, ikulira ngati ng'ombe yolemedwa ndi ngolo, utsi uli tolotolo. Akangoimva ankabisala kuseri kwa chitseko.

Tsiku lina m'mawa akukwera chitunda ndi ndowa ya madzi pamutu, anafika pakhomo ali wefuwefu.

"Achemwali, kodi ndikudwala? Kumunsi kuja ndowa ngati iyi ndinkathamanga nayo."

"Sukudwala iwe. Mpweya wakuno ndi wopepuka. Aliyense wochokera kumunsi amayamba wabanika."

Nthawi yomweyo pikapu inatulukira pakona ndi utsi wake. Namwaye sanabisale. Anatula ndowa n'kumangoiyang'ana. Kusukulu anawaphunzitsa kuti utsi wakuda ndi dizilo amene sanapse bwino chifukwa choperewera mpweya. Iye anathamangira mbali ya dizilo, ya mpweya osaiganizira n'komwe. Ndipo galimotoyo anaiyesera kuchigwa, kumene mpweya ndi wokwanira, yopanda ngakhale thumba limodzi kumbuyo. Anafufuza matenda kumalo kumene wodwalayo sankadwalako.

M'mawa mwake anaima pamsewu n'kukweza mkono kuti aimitse pikapu ija. Dalaivala, mwini wake uja, atamuzindikira anangotsonya.

"Iwe uja? Unandikwana kalekale."

Ambiri akanalekera pomwepo, ndipo ine sindikanawanena. Koma mtsikanayu anatulutsa masipanala kunsi kwa bedi, n'kuwapukuta dzimbiri, ndipo pikapu ikamadutsa ankaima nawo pamsewu, kaya kuli chifunga kaya mvula. Omwa tiyi ankamuseka. Achemwali ake anamupempha kuti asiye kudzichititsa manyazi. Iye osamva.

Kenako apolisi apamsewu anamuchenjeza dalaivala kuti akadzaipezanso ikufuka chonchi adzaitsekera. Madzulo ake bamboyo anaima yekha pakhomo pa tiyi, nkhope ili khwinya.

"Ukufuna chiyani kwenikweni?"

"Sindiikhudza kaye, bambo. Ndingokwera nanu kuyambira kumunsi, mutanyamula katundu wanu wa masiku onse."

Tsiku lotsatira ananyamuka kuchigwa pikapu itadzaza matumba a feteleza wopita naye kuminda. Pamsewu wathyathyathya inkayenda bwinobwino. Namwaye anatsitsa galasi, n'kutulutsa mutu, kuzizira kukumuluma m'makutu. Anakwera, anakwera. Atafika pachitunda chachikulu, dalaivala anaponda moto, injini inabuula, utsi unayamba. Ndipo pansi pa phokoso lonselo iye anamva kamluzu kakang'ono kochokera kutsogolo.

"Mwaumva mluzuwo?"

"Umenewo ndi wakale. Ndinauzolowera."

"Imani pano."

Namwaye anatsegula boneti. Anadikira injini izizire pang'ono, n'kuyamba kulondola ndi dzanja paipi ya mphira yochokera ku tabo, kachipangizo kamene kamakankhira mpweya mu injini. Pamwamba paipiyo inkaoneka yabwinobwino. Atapisa zala kunsi kwake zinatuluka zonyowa ndi oilo. Anaipinda pang'ono, mng'alu unayasama.

"Onani, bambo. Kumunsi mng'alu uwu umakhala wotseka pakamwa, ndipo ngakhale mpweya utathawako pang'ono, wotsalawo umakwana. Kuno mpweya ndi wochepa kale, tabo imakankha mwamphamvu, mng'alu n'kutseguka. Injini ikulandira dizilo wokwanira, koma ikubanika."

Anatsegulanso sefa ya mpweya n'kuipeza itatsekeka ndi fumbi la m'misewu ya kuminda. Anaikung'untha patayala, fumbi linati kobo. Paipi ija anaikulunga zolimba ndi mphira ya chubu cha tayala, yoti iwafikitse kaye pamwamba mpaka atapeza ina yatsopano.

Dalaivala analiza injini, n'kuika giya. Pikapu inadzuka n'kuyamba kudya chitunda. Bamboyo ankangoyang'ana pagalasi loonera kumbuyo, osakhulupirira. Msewu unkaoneka wonse, mbee. Misozi inamutsikanso Namwaye, koma ulendo uno inali ya chimwemwe.

Atafika pakhomo pa tiyi, dalaivala analiza hutala mpaka anthu onse anatuluka.

"Mwana wanga, ndinakunyoza pagulu. Ndikupepesanso pagulu."

Alamu ake aja anatuluka ndi kapu m'manja. "Ndiye shuga tizitakasira chiyani tsopano?"

Nkhani yabwino nayonso ili ndi miyendo. Onyamula matabwa, a mathirakitala, a minibasi za kumapiri, onse anayamba kuima pamenepo. Lero pambali pa kanyumba ka tiyi pali galaja ya malata, ndipo pachikwangwani pake panalembedwa dzina lomwe lija ankamuseka nalo: Kwa Namwaye. Lamulo lake amalidziwa aliyense. Galimoto yodwalira paphiri sakuyezerani pabwalo. Mumakwera naye limodzi, katundu ali pamsana, mpaka pamene imabanikira.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakuvulani ovolosi, anakupatsani dzina lokusekani, ndipo zida zanu zikuchita dzimbiri kunsi kwa bedi. Kulakwa kamodzi sikutanthauza kuti ntchitoyo si yanu. Mwina munangoyang'ana pamalo polakwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tulutsani masipanala anuwo, muwapukute, mubwerere pachitunda pamene panakugonjetsani. Osataya mtima.